Swichi ya Kumanzere

Mwana wanga wamkazi ku Lilongwe anagula masoketi oyatsa ndi limoti. Amakhala pa sofa, n'kudina kamodzi, ndipo sikirini, deki ndi zokuzira mawu zimayaka kutsidya kwa chipinda. Nditapita kukacheza anandipatsa kalimotiko kuti ndiyese. Ndinakatembenuza, ndinawerenga mabatani ake, anali anayi, n'kumubwezera osadina. Anaseka, nati ukalamba wandilowa. Sindinamutsutse. Zoyatsa ndi kuzimitsa magetsi uli patali ife tinali nazo kale pa boma la Dedza iye akukwawa, ndipo ndikudziwa zimene munthu wogwira swichi angamuchite mnzake amene ali kumapeto kwa nthambo.

Nthambo yathu inali ya mamita makumi anayi ndi awiri. Ndinaiyeza ndekha. Inkachokera mu shopu ya alamu anga kumsewu, n'kudutsa m'kanjira kopapatiza pakati pa nyumba ziwiri, mpaka m'chipinda chakuseri chimene kale ankasungiramo feteleza. M'chipindamo ndi m'mene achimwene anga ankaonetsera mafilimu.

Achimwene, amene ndi oyamba kubadwa m'banja mwathu, anabwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni nthawi imene ulendo wa kumigodiko unatsekedwa. Anzawo anabwera ndi njinga, mabulangete ndi masutikesi a malata. Iwo anabwera ndi deki ya vidiyo ndi sikirini yake. Kwathu ku Kaphuka kunalibe magetsi, ndipo dziko lonse linalibe nyumba youlutsira kanema ngakhale imodzi. Sikiriniyo, ngakhale kumene kunali magetsi, ukaiyatsa payokha inkangowaza timadontho toyera ngati mpunga, uku ikuchita phokoso la mvula ya pamalata. Amayi anaiphimba ndi chitenje, naikapo kamtanda ndi botolo la maluwa. Inakhala choncho miyezi isanu ndi iwiri, achimwene akulima mbatata.

Ine nthawi imeneyo ndinali mtolankhani, wotumiza nkhani za m'boma lathu ku nyuzipepala ya ku Blantyre: mbatata pa Chimbiya, malole ogubuduka pa Linthipe, misonkhano ya chipani. Anatiphunzitsa mafunso asanu: ndani, chiyani, kuti, liti, chifukwa chiyani. Funso lachisanulo tinkaliloweza kuti tikhoze mayeso. Pantchito sitinkalifunsa.

Alamu anali mwamuna wa chemwali wathu, wokonza mawailesi, munthu wanthabwala. Ankanditcha “Nkhani Zatha Apa.” Anali ndi chinthu chimodzi chimene tonsefe tinalibe, mita ya magetsi. Ndine amene ndinawalumikiza awiriwa. Ndinauza achimwene kuti deki isaole pansi pa chitenje, ndinauza alamu kuti anthu obwera kudzaonera mafilimu azidutsa pakhomo pa shopu yawo ndi mawailesi akufa. Onse anavomera. Izi ndazilemba poyamba kuti gawo langa lidziwike.

Lamulo linali lakuti kaseti iliyonse yoonetsa pagulu ikhale ndi chidindo cha bungwe lounika mafilimu. Iwo ankadula zopsompsonana, akazi ovala mathalauzi, ndi china chilichonse chimene sichinawakomere tsikulo. Makaseti a chidindo tinali nawo anayi: a karate awiri, ya nkhondo imodzi, ndi ina ya moyo wa woyera wina imene tinkaonetsa Lamulungu anthu akatuluka ku Misa. Pasanathe miyezi itatu anthu anali atawaloweza. Munthu asanamenyedwe pa sikirini, m'chipinda monse ankakuwa kale kuti “Kumbuyo, iwe!” Makaseti atsopano ankabwera ndi madalaivala a malole, ndipo analibe chidindo. Anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, ankayendera malo ngati athu mosalengeza. Ankafuna makhadi a chipani ndipo ankatembenuza makaseti kuyang'ana chidindo.

Nzeru ya maswichi inali ya alamu. Shopu yawo inkayang'ana msewu, ndipo aliyense wopita kuseri ankayenera kudutsa pa zenera lawo. Anakhoma kathabwa kunsi kwa tebulo lawo logwirira ntchito, n'kumangapo maswichi awiri. Kumapeto kwa nthambo, m'chipinda chathu, anaika masoketi awiri. Swichi ya kumanja inkazimitsa sikirini. Ya kumanzere inkazimitsa deki.

“Bwanji osangoika imodzi yozimitsa zonse?” ndinafunsa.

“Alamu, inu lembani nkhani, za magetsi tisiyireni,” anatero. “Bwerani muone.”

Analowetsa kaseti mu deki, n'kuiyambitsa, kenako n'kuzula pulagi. Anauza achimwene kuti adine batani lotulutsira kaseti. Achimwene anadina. Palibe chinachitika. Anadinanso ndi chala chachikulu.

“Mwaona? Deki ndi galu. Mukaizimitsa ili ndi fupa m'kamwa, silavula. Kasetiyo ikhala momwemo mpaka magetsi abwerere. Ndiye ndikaona ofiira, ndizimitsa sikirini yokha. Inu mukaona mdima, tulutsani ya madalaivala, lowetsani ya karate. Ine ndiwachedwetsa pano ndi moni, kenako ndiyatsa.”

“Nanga ya kumanzereyo ndi ya chiyani?” anafunsa achimwene.

“Ya ziphaliwali. Mvula ikabwera ndi mphenzi, deki ndiye yoyamba kupsa. Koma kuti dzanja lisasochere, onani.”

Anadula kapulasitala kakuda, kaja komatira mawaya, n'kumata swichi ya kumanzere kuti isasunthe. Anakasindikiza ndi chala katatu.

Njirayi inagwira ntchito katatu konse, ndipo kawiri ndinalipo. Sikirini inkada bii. Achimwene ankatulutsa kaseti, n'kuiponya mu dengu la mbatata limene linkakhala pansi pa benchi, n'kulowetsa ina. Ndinawerengapo pa wotchi: masekondi khumi ndi asanu ndi anayi. Anyamata aja pofika pakhomo ankapeza sikirini yayaka, amuna awiri akumenyana pa mlatho, anthu makumi asanu akuonera mwachidwi ngati sanaionepo. Panalibe woulula. Wina ankangodandaula mokweza kuti, “Magetsi a masiku anowa!” Akachoka, achimwene ankapita kushopu kukagwira alamu chanza, ndipo alamu ankati, “Mkamwini ndi mlonda, achimwene. Mudzandikumbukire pogawa dimba.”

Kaseti ya mpira inabwera m'dzinja, chimanga chili m'mawondo. Dalaivala wina anaijambula pa kanema wa ku Zambia. Monga mwa chizolowezi, tinayamba taionera tokha tisanaonetse anthu: achimwene, alamu ndi ine, Lachinayi m'mawa, chitseko chili chotseka. Mpirawo unali wabwino, zigoli zisanu. Wisulo yomaliza italira panabwera zotsatsa sopo. Achimwene ananyamuka kuti akaimitse, koma asanafike panayamba nkhani. Wojambulayo anaiwala kuzimitsa deki yake.

Zinali mphindi zisanu ndi imodzi. Tinaona mizere ya anthu padzuwa, amayi ali ndi ana kumbuyo, akudikira kuponya voti. Tinaona pepala la voti lokhala ndi zizindikiro za zipani zoposa chimodzi. Tinaona anthu akuvina mumsewu. Kenako kaseti inatha, sikirini n'kubwerera ku mpunga wake.

Zimene zinachitika kwa anansi athuwo tinkazimva monong'ona, koma kuziona ndi maso, m'chipinda chonunkha feteleza, inali nkhani ina. Munthu wopezeka nazo sankafunsidwa za chidindo. Ankangotengedwa.

“Tiiwotche,” anatero achimwene.

“Zigoli zisanu?” anatero alamu. “Achimwene, mpira ngati uwu anthu a pa Dedza adzauona kuti?”

Ine ndinafunsa ngati sikungatheke kufufuta kumapeto kokhako. Pa deki panali batani lofiira lojambulira, limene achimwene sanalikhudzepo chigulireni.

“Lofiiralo musayerekeze,” anatero alamu. “Limadya kaseti yonse, kuyambira koyambirira. Ingoimitsani wisulo ikalira, mubweze. Nanga ine ndili pa swichi chifukwa chiyani?”

Tinawakhulupirira. Iwo ndi amene ankadziwa za m'kati mwa makina, ife tinkaopa ngakhale kupukuta fumbi pa mabatani. Patapita zaka, m'nyumba yolembera nkhani, ndinaona mnzanga akufufuta mphindi ziwiri pakati pa kaseti, zina zonse n'kutsala bwinobwino. Anangomata kabowo kakumbuyo kwa kasetiyo n'kudina batani lofiira. Ntchito ya mphindi zochepa, yodziwika kwa wokonza mawailesi aliyense.

Achimwene analemba ndi khala pakhoma nambala imene deki inkaonetsa wisulo ikamalira, kuti asadzapitirire. Mpirawo unaonetsedwa Loweruka katatu, ndipo anthu ankachita kuima m'mbali mwa khoma.

Loweruka lachinayi kunali nkhungu, yotsika m'phiri kuyambira m'mawa. Ndinakhala pa benchi yakumbuyo. Wotchi yanga inkati mphindi khumi zapitirira pa 3 koloko masana, chigawo chachiwiri chitangoyamba. Wosewera wina ankathamanga ndi mpira cha kumphepete, ndipo chithunzi chinasowa.

Sikirini sinade. Inayera ndi mpunga, phokoso lija n'kudzaza chipinda.

Anthu anaseka, wina nayamba kale za magetsi a masiku ano. Achimwene anadina batani lotulutsira kaseti. Ndinaona kuchokera kumbuyo kuti tinambala tobiriwira ta pa deki tazima. Anadinanso, kenako anaimenya ndi chikhatho pamwamba, chinthu chimene sanachitepo.

“Mphwanga!” anandiitana. “Thamanga! Alamu alakwitsa swichi!”

Ndinatuluka n'kulowa m'kanjira kaja, nthambo ili pamwamba pa mutu wanga. Sindinafike ngakhale pakati. Kutsogolo kunkabwera amuna atatu, ndipo sanali a malaya ofiira. Anavala majekete, nsapato zopolisha. Woyamba, wa jekete lotuwa, anandigwira paphewa mwaulemu n'kunditembenuza.

“Tibwerere limodzi, bambo. Mpira sunathe.”

M'chipindamo sanafunse makhadi. Sanayang'ane dengu la mbatata, ngakhale munali makaseti ena atatu opanda chidindo. Mmodzi anapita molunjika pa deki, anazula mapulagi, naikumbatira ngati mwana.

“Eni ake ndani?” anafunsa wa jekete lotuwa.

“Ndine,” anatero achimwene.

“Awa?” analoza ine.

“Ameneyo ndi woonera chabe. Sadziwa n'komwe poyatsira.”

“Chabwino. Tiyeni, bambo, tikaonere limodzi mpirawu mpaka kumapeto. Kumapeto kwenikweni.”

Achimwene anavula chipewa chawo cha ubweya n'kundipatsa, sindikudziwa chifukwa chake. Anawakweza m'galimoto imene inaima patsogolo pa shopu ya alamu. Anthu anabalalika mwakachetechete, aliyense njira yake. Sikirini anaisiya ikuwazabe mpunga, ndipo ndine ndinaizimitsa.

Alamu ndinawapeza atakhala pa mpando wawo, manja ali kumutu.

“Dzanja, alamu,” anatero. “Dzanja. Nditaona majekete ndinanjenjemera. Ndagwira yolakwika. Mulungu wanga, ndawapha achimwene.”

Misozi inalipo, yeniyeni. Ndinawagwira pamsana. Ndinawauza kuti aliyense akanatha kulakwitsa. Tili choncho maso anga anagwera m'mphepete mwa tebulo, pamene panamatidwa kapulasitala kakuda. Kanali kowongoka bwino, ngodya imodzi itapindidwa kuti kadzamatuke mosavuta, monga amachitira amisiri akafuna kudzakagwiritsanso ntchito. Ndinakaona, ndinakasunga m'mutu monga ndinkasungira nambala za malole ogubuduka, koma tsiku limenelo sindinakafunse kanthu.

Kupolisi anandiuza kuti munthu wotere sakumudziwa. Lolemba anati anapita naye ku Lilongwe. Lachitatu wapolisi wina amene tinaphunzira naye sukulu anandikokera kuseri kwa ofesi nati ndisiye kubwera, chifukwa dzina langa layamba kutchulidwa.

Ndinayamba kuwerenga zimene ndinali nazo. Wa jekete lotuwa ananena za kumapeto kwa kaseti asanaionere. Amene tinkadziwa za kumapetoko tinali atatu, ndipo mmodzi anali m'manja mwawo. Maswichi aja anatalikirana chikhatho chathunthu. Kapulasitala kanakhala pa swichi kupitirira chaka, ndipo nditayesa kumatula kena kotero pa wailesi yanga yakale, ndinachita kukanda ndi chikhadabo kwa nthawi. Dzanja lonjenjemera silimatula pulasitala, n'kupinda ngodya, n'kumata mowongoka pa tebulo.

Pakhonde loyandikana ndi shopuyo pankakhala atelala, bambo achikulire achisilamu amene ankasoka mayunifolomu a sukulu. Ankaona zonse za mumsewuwo ndipo sankayankhula zambiri. Ndinawapititsira thalauzi losang'ambika kuti alipinde m'munsi. Analiyeza, analiika pa makina, n'kuyamba kupalasa.

“Wa jekete lotuwa uja ndinamuonapo,” anatero, maso ali pa singano. “Lachinayi, kusanachitike zija. Analowa kwa alamu anuwo ndi wailesi. Anakhalamo ola lathunthu.”

“Anthu amabwera ndi mawailesi tsiku lililonse, bambo.”

“Eetu. Koma iyo inkaimba polowa, inkaimbanso potuluka.” Anadula ulusi ndi mano. “Thalauzi lanuli linali bwino kale, mwana wanga. Tengani, muzipita. Ine sindinanene kanthu.”

Ndinadikira mpaka masana ena pamene m'shopu munalibe munthu. Alamu anali akuwotcherera waya m'kati mwa wailesi. Kapulasitala kaja kanali katabwerera pa swichi ya kumanzere.

“Nkhani Zatha Apa,” anatero, koma mawu anatuluka opanda mphamvu.

“Munakamatula nthawi yanji?” ndinafunsa, ndikuloza.

Sanafunse kuti chiyani. Anaika chowotcherera pa kachitsulo kake, napita kukakankha chitseko.

“Alamu, anthu aja anabwera akudziwa kale. Anati mmodzi apita, ine kapena achimwene. Magetsi ndi anga, mita ili m'dzina langa. Ana a chemwali wanu ndi asanu. Inu mukanatani?”

“Mukanazimitsa ya kumanja. Akanapeza karate.”

“Ndiye akanadziwa kuti ndawachenjeza.”

“Mukanatiuza Lachinayi lomwelo. Tikanaiwotcha. Panali masiku awiri.”

Anasuntha wailesi ija pa tebulo, ine ndinafunsanso.

“Anadziwa bwanji za kumapeto kwa kaseti?”

“Anthu ajatu amadziwa zonse.”

“Tinalipo atatu, alamu.”

Anatenganso chowotcherera chija n'kuweramira wailesi. Utsi unakwera pang'ono. Ndinaima pamenepo mwina mphindi ziwiri, iwo akuwotcherera malo amodzimodzi, kenako ndinatuluka.

Mawu awo oti anaopsezedwa ndinayesa kuwakhulupirira. Nthawi imeneyo anthu ankaopsezedwadi, ndipo sindinganene kuti ine ndikanalimba. Koma patatha miyezi iwiri, alamu anapatsidwa ntchito yoyendetsa zokuzira mawu pa misonkhano yonse ya chipani m'boma lathu. Misonkhano imeneyo ndi imene ine ndinkatolako nkhani. Malo a atolankhani anali pafupi ndi nsanja, pambali pa tebulo la zokuzira mawu. Choncho kawiri kapena katatu pa mwezi ndinkaima mamita awiri kuchokera pamene iwo anakhala, ine ndikulemba, iwo akupotokola mabatani, ndipo tonse tinkawomba m'manja pa nthawi yake.

Tsiku lina msonkhano utatha, mkulu wina wa chipani anatiitanira tiyi kunyumba kwake. Pabalaza pake panali deki. Ngodya yake ya kumanja inali yophwanyika pang'ono, pamene inagunda chitsulo m'basi pochokera ku Joni. Kuchokera kumbuyo kwake kunatuluka nthambo yatsopano, yokhomedwa m'mbali mwa khoma ndi timisomali totalikirana mofanana. Kakhomedwe kameneko ndinkakadziwa. Ndinamwa tiyi. Madzulo ake ndinatumiza ku Blantyre nkhani ya msonkhanowo, mizere makumi atatu, ndipo inatuluka yonse osadulidwa.

Chemwali ndinawauza. Anamvetsera akusenda mbatata, osandiyang'ana.

“Ndiye ukufuna nditani?” anatero. “Achimwene atengedwa. Ukufuna ana awanso akhale opanda bambo? Amayi usawauze. Mtima wawo sungapirire ziwiri.”

Sindinawauze. Ndipo Loweruka lililonse kopanda msonkhano, alamu ankapalasa njinga kupita ku Kaphuka kukalima munda wa achimwene. Anapalira, anabandira, anakolola, anakonza ndi nkhokwe. Amayi ankandiuza ndikapita kuti, “Iwe umangobwera ndi pensulo. Taona mkamwini wanga. Mwana wobereka ndekha sakanachita zotere.” Ankawasungira mazira. Pa Misa ankawapempherera powatchula dzina, pambuyo pa achimwene.

Achimwene anatuluka patatha miyezi khumi ndi umodzi, nthawi imene zinthu zinayamba kugwedezeka m'dziko. Sanazengedwe mlandu ndipo sanapatsidwe pepala lililonse. Ndinakawatenga ku depoti ya mabasi ku Lilongwe. Lamba wawo anali ataboolanso mabowo atatu. Ndikayankhula ankatembenuza mutu wonse kuti andipatse khutu la kumanja, chifukwa la kumanzere linafa mwezi woyamba, pamene ankafunsidwa za amene anabweretsa kaseti. Dalaivala uja sanamutchule. Inenso sananditchule.

Titatsika basi pa Linthipe n'kuyamba kuyenda, ndinawabwezera chipewa chawo. Ndinapita mbali ya kumanja n'kuyamba kufotokoza mwadongosolo, monga nkhani: kapulasitala, atelala, deki ya pabalaza. Anandidula ndisanafike pakati.

“Mphwanga, sikirini sinazime. Ukuganiza kuti miyezi yonseyi ndimaonera chiyani? Mpunga womwe uja.”

“Ndiye mutani?”

Funso limeneli linali ndi yankho lodziwika. Achimwene anali mwinimbumba. Alamu, ngakhale anali ndi shopu pa boma, nyumba yawo ndi dimba lawo zinali pa malo athu. Mawu amodzi a achimwene pamaso pa ankhoswe akanakwanira kuti mkamwini anyamule zake.

“Amayi akudziwa?” anafunsa.

“Ayi.”

“Ana a chemwali ali bwanji? Wamkulu uja analemba mayeso?”

Ndinawauza kuti anakhoza. Anagwedeza mutu, ndipo tinayenda mtunda wotsalawo osayankhulanso za izo.

Sabata yotsatira anandipempha kuti ndiwaperekeze ku boma. Tinalowa m'shopu. Alamu anadzuka mofulumira mpaka mpando unagwa.

“Achimwene! Mwabwera! Mulungu ndi wamkulu!”

“Ndabwera kudzatenga nthambo yanga, alamu. Ndinagula ndine.”

Anabwereka pulayala ya alamu omwewo. Anazula timisomali kamodzikamodzi, kuyambira pa kathabwa ka maswichi mpaka kuchipinda chakuseri, ine ndikukulunga nthamboyo pamkono. Alamu ankatitsatira pambuyo, akutola timisomali togwa, akunena za mvula, za mtengo wa feteleza, za mmene chimanga cha achimwene chinachitira bwino. Achimwene anangopitiriza kuzula timisomali. Nthamboyo inapita ku Kaphuka, ndipo amayi anaimanga pakati pa mitengo iwiri ya mapichesi kuti aziyanikapo zovala. Sikirini inabwerera pansi pa chitenje chake.

Achimwene sanathamangitse munthu. Anachita chinthu chimodzi chokha, chimene amayi sanachizindikire mpaka kumwalira kwawo. Pa maliro, pa ukwati, pa benchi ya kutchalitchi, paliponse pamene banja linasonkhana, ankaonetsetsa kuti alamu akhale kumanzere kwawo. Ankachita kuwaitana: “Alamu, bwerani apa, pali malo.” Anthu ankayamikira kuti awiriwa amakondana.

Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho, titabwera ku Misa, tinakhala pabwalo pansi pa mapichesi aja. Amayi ndi chemwali anali kukhitchini, ana akuthamangitsana kuseri. Tinatsala atatu, amene tinaonera kaseti ija Lachinayi m'mawa. Achimwene anakhala pa mpando wa ndalema akusenda mbatata yootcha, alamu pa benchi kumanzere kwawo, ine moyang'anizana nawo.

Alamu anasendera pafupi, anaweramira ku khutu la achimwene, n'kuyamba kuyankhula motsitsa. Sindinamve mawu ake. Ndinaona manja akufinya chipewa, ndipo kamodzi anapukuta m'maso ndi mkono. Anayankhula mphindi zinayi. Achimwene ankangosenda mbatata yawo, maso ali pa zovala zimene zinali pa nthambo.

Alamu atamaliza anadikira.

“Mwati chiyani, alamu?” anatero achimwene mokweza, osatembenuza mutu. “Mbali imeneyotu anazimitsa. Ngati muli ndi mawu, bwerani uku.”

Anamenya ndi chikhatho pa mpando wopanda munthu umene unali kumanja kwawo. Kumeneko kunali pafupi ndi ine, ndiponso pafupi ndi khomo la khitchini, pamene amayi anali atasuzumira kuti aone chimene chachitika. Zimene alamu ananong'ona akanayenera kuzibwereza ife tikumva.

Kuchokera pa benchi kufika pa mpandowo panali mapazi atatu. Ndinawerenga. Alamu anayang'ana mpandowo, anayang'ana amayi, kenako anaseka.

“Ndimangoti mbatata za chaka chino zakoma, achimwene.”

“Zakomadi,” anatero achimwene. “Munalima ndinu.”

Achimwene anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi zinayi. Mpando wa kumanja kwawo ankausiya wopanda munthu nthawi zonse alamu akakhalapo, ndipo mwana akafuna kukhalapo ankamuuza kuti pali mwini wake. Alamu sanadzukepo pa benchi.